Akuti ndi a boma, akuchita kafukufuku pa foni: ndiyankhe kapena ndidule?

Funso lachokera kwa mayi wina wa pa Kamwendo ku Mchinji:

"Ndili ndi kagolosale kanga pamsika. Lachiwiri lapitali bambo wina anandiimbira foni, akuti ndi a boma, akuchita kafukufuku wa mmene mabanja akukhalira. Anafunsa kuti pakhomo tilipo angati, timadya kangati patsiku, chimanga tikugula ndalama zingati. Ndinayankha. Kenako anafunsa nambala ya chiphaso changa cha unzika ndi tsiku langa lobadwa, ndinawauzanso. Pomaliza anati pabwera meseji ya manambala, ndiwawerengere kuti dzina langa lilowe m'kaundula wa olandira thandizo. Pamenepo mtima unandigunda, ndinadula foni. Aimbanso kawiri koma sindinayankhe. Amuna anga akuti ndataya mwayi, ndiponso kukanira a boma ndi mlandu. Kodi boma limachitadi kafukufuku pa foni? Nanga zimene ndinanena kale zija zingandipweteke?"

Mayi, munachita bwino kudula, ndipo abambo a kunyumba muwauze kuti mtima ukhale pansi. Palibe mwayi umene wataika, ndipo mlandu palibe. Munthu amene anakuimbiraniyo ankafuna manambala a pa meseji aja. Za chimanga ndi za nsima zija zinali njira chabe yofikira pamenepo.

Komabe sindikufuna kuti muchoke pano mukuganiza kuti aliyense woimba foni n'kutchula kafukufuku ndi wakuba, chifukwa si zoona, ndipo ine amene ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa achinyamata ntchito yofunsa mafunso ndingakhale ndikudzitchera ndekha msampha. Boma limachitadi kafukufuku pa foni. Mu Meyi 2020, matenda a Covid-19 atangolowa m'dziko muno, ofesi ya National Statistical Office, imene ambiri amangoitchula kuti NSO ndipo likulu lake lili ku Zomba, inayamba kuimbira mabanja mothandizana ndi World Bank. Nthawi imeneyo kuyenda khomo ndi khomo kunali kuika miyoyo pachiswe, choncho foni ndiyo inali njira yotsala. Mabanja oposa 1,700 anayankha ulendo woyamba, ndipo omwewo ankaimbiridwa mobwerezabwereza kwa miyezi yambiri. Ankafunsidwa ngati apeza sopo ndi mankhwala, ngati ana akuphunzira sukulu zitatsekedwa, ngati bizinesi yatsika, ngati panali tsiku limene anagona ndi njala. Mukuona kuti mafunso oyamba amene munafunsidwa aja akufanana kwambiri ndi amenewa. Akathyali sapeka zinthu zachilendo, amatengera zimene anthu anazimvapo kale.

Chofunika kudziwa pa kafukufuku ameneyo n'chakuti nambala za foni sizinatoledwe panjira. Mabanjawo anali atayenderedwa kale mu 2019 pa kafukufuku wina wa m'makomo, ndipo anapereka okha nambala zawo, kapena ya m'bale kapena ya woyandikana naye amene ali ndi foni. Ndiye wina akafunsa kuti "nambala yanga mwaipeza kuti?" yankho linalipo, lomveka bwino: tinabwera kwanu chaka chakuti, tinacheza ndi akutiakuti. Pali njira inanso imene ofufuza amagwiritsa ntchito, yoti kompyuta ingopanga nambala mwachisawawa n'kumaziimba. Pa njira imeneyi woimbayo sakudziwani n'komwe, ndipo alibe nazo ntchito zoti akudziweni. Amangofuna msinkhu wanu, boma limene mukukhala, ndi mayankho anu. Njira ziwirizi muzisunge m'mutu. Amene akukudziwani dzina ayenera kukukumbutsani tsiku limene anabwera pakhomo panu. Amene sakukudziwani alibe chifukwa chofunira chiphaso chanu.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu akabwera pagolosale panu n'kufunsa kuti shuga akuyenda bwanji masiku ano, katundu mumapikula ku Lilongwe kapena ku Chipata, malonda amakhala bwino miyezi iti, mutha kumuyankha kapena ayi, koma zimene wamvazo sangatsegule nazo chitseko usiku. Akati "tandibwerekani kiyi wa loko uja ndingomuona," simufunikanso kumufunsa kuti wachokera kuti. Pa foni n'chimodzimodzi. Pali mafunso ofotokoza moyo wanu, ndipo pali mafunso otsegula zinthu zanu. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena ya Mpamba, nambala yachinsinsi ya khadi la ku banki, manambala obwera pa meseji, chithunzi cha chiphaso cha unzika, zonsezi ndi makiyi. Wa kafukufuku weniweni alibe nazo ntchito ngakhale pang'ono, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Mayankho anu akafika ku ofesi, dzina lanu limachotsedwa, banja lanu limapatsidwa nambala, ndipo zimene munanena zimasakanizidwa ndi za mabanja ena mazanamazana. Chotuluka chake chimakhala chonena kuti mwa mabanja 100 aliwonse a kumudzi, mwakutimwakuti analephera kugula chimanga. Mu chiwerengero chotere nambala ya chiphaso chanu ilibe pokhala. Ili ngati kuthira mchere mu tiyi.

Ndisakunamizeni kuti mafunso a kafukufuku weniweni onse ndi omasuka. Ena amalowa m'kati ndithu. Amafunsa mayina a anthu a pakhomo kuti ulendo wina asasokoneze ana, amafunsa ndalama zimene mumapeza, ngongole, ngakhale za matenda. Koma taonani kusiyana kwake. Wofufuza amafunsa kuti mwezi wathawu bizinesi inabweretsa zochuluka kapena zochepa poyerekeza ndi mwezi winawo. Wakuba amafunsa kuti panopa mu foni muli ndalama zingati. Woyambayo mukamuuza kuti funso ili sindiyankha, amalemba kuti mwakana n'kupita pa lotsatira, chifukwa pa fomu yake pali malo olembapo zimenezo. Wachiwiriyo amayamba kukalipa, kapena kuchonderera, kapena kukuuzani kuti nthawi ikutha.

Tsopano za meseji ija, chifukwa anthu ambiri samvetsa chimene chimachitika. Pamene inu munali pa foni, munthuyo kapena mnzake anali atalemba nambala yanu penapake: mwina pa WhatsApp, mwina pa pulogalamu ya banki kapena ya ndalama za pa foni. Kampani ikalandira pempho lotere imafuna umboni woti wopemphayo ndi mwini foni, ndiye imatumiza manambala ku simu khadi imene ili m'manja mwanu. Wakubayo sangawaone. Akufunika inu muwawerenge ndi pakamwa panu. Mukatero, kampaniyo imakhulupirira kuti iye ndi inu. Ngati inali WhatsApp, imachoka pa foni yanu n'kupita pa yake, ndipo pasanathe ola abale anu a ku Johannesburg ndi amayi a ku banki nkhonde amakhala atalandira uthenga wa m'dzina lanu woti mwana wagonekedwa m'chipatala, tumizani kangachepe msanga. Kawirikawiri meseji yotere imakhala ndi chenjezo loti musauze munthu aliyense manambalawo, koma limalembedwa m'Chingerezi, ndipo munthu amene akukufulumizitsani pa khutu sakupatsani mpata woti muwerenge mpaka kumapeto.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ndondomeko imene anatsata ndi yomwe ife timaphunzitsa. Wofunsa mafunso aliyense amauzidwa kuti ayambe ndi zophweka, munthu azolowere kuyankha, zovuta zibwere pambuyo. Munthu amene wayankha kale mafunso khumi amaona ngati n'chipongwe kukana lakhumi ndi chimodzi. Akathyaliwa anaphunzira bwino phunziro limeneli kuposa ena mwa ophunzira anga.

Mawu akuti "thandizo" aja ndi amene anamuulula kotheratu. Kafukufuku salemba anthu m'kaundula wa olandira chilichonse. Ofunsa mafunso amaletsedwa kulonjeza, ndipo mawu amene amawerenga poyamba amanena poyera kuti kutenga nawo mbali n'kodzifunira ndipo palibe phindu lobwera kwa inu mwachindunji. Chifukwa chake n'chakuti munthu akangomva fungo la thandizo amasintha mayankho. Wa mbuzi zisanu amati alibe ngakhale nkhuku, ndipo chiwerengero chonse chimaonongeka. Nthawi zina amatumiza timayunitsi tothokoza kucheza kukatha, koma timeneto timangolowa tokha, sitifuna kuti mutchule nambala iliyonse kapena mudinde chilichonse. Inu a ku Mchinji mukudziwa bwino kuposa ena mmene Mtukula Pakhomo amayendera, pakuti anayambira m'boma lanu lomwelo mu 2006. Pamakhala misonkhano ya m'mudzi, makomiti, amfumu, ogwira ntchito ochokera ku khonsolo oyenda ndi mapazi awo, ndipo mayina amadziwika pagulu. Fetereza wotsika mtengo nayenso amadzera kwa alangizi a zaulimi. Palibe amene analowapo m'zimenezi powerengera mlendo manambala pa foni ali pakati pogulitsa sopo.

Nanga za mlandu zimene akunena abambo? Akulankhula zimene zili ndi mbali yake yoona, kungoti aziika pamalo olakwika. Lamulo la za chiwerengero la 2013 limapatsa NSO mphamvu zosonkhanitsa mauthenga kwa anthu, ndipo pa kalembera wamkulu wa dziko lonse aliyense amayenera kuwerengedwa. Koma kalembera ameneyu, monga wa mu Seputembala 2018 amene anapeza kuti tilipo oposa 17.5 miliyoni, amalengezedwa pa wailesi kwa miyezi, amfumu amadziwitsidwa, ndipo olemba amabwera pakhomo ndi ziphaso zawo, mukuwaona nkhope. Lamulo lomwelo limamanganso ogwira ntchitowo kuti asunge chinsinsi cha zimene amva, ndipo kuulula n'kulakwa. Palibe paliponse pamene limakukakamizani kukhulupirira liwu losaoneka. Kufuna umboni musanayankhe si kukanira boma. Ndipo malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 21, amateteza chinsinsi cha munthu aliyense, kuphatikizapo zimene amalankhula pa foni.

Ku Britain, ofesi yawo ya chiwerengero imayamba yatumiza kalata ku nyumba yanu isanakuimbireni, kuti mukamamva foni mukhale mukudziwa kale. Kuno nyumba zambiri zilibe adiresi yoti kalata ifike, ndiye ntchito ya kalatayo imagwiridwa ndi anthu: ofesi ya DC, a khonsolo, amfumu, wailesi. Choncho wina akaimbanso, chitani motere. Mufunseni dzina lake lonse, ofesi imene akugwirira ntchito, dzina la kafukufukuyo, ndi kumene anapeza nambala yanu. Lembani zimenezi kuseri kwa kope lanu la ngongole. Kenako muuzeni kuti aimbenso mawa. Mawu amenewa okha amasefa anthu ambiri. Wa kafukufuku weniweni amasangalala nawo, chifukwa ntchito yake imamulola kupangana nanu tsiku ndi ola, ndipo amayembekezeka kuyesa kangapo asanagonje. Wakuba sakonda mawa, pakuti akudziwa kuti usiku mukambirana ndi munthu wina. Pakati pa lero ndi mawapo funsani ku khonsolo ya Mchinji, kapena mwana wanu akupezereni nambala ya NSO pa tsamba lawo la pa intaneti, muimbe nokha. Musaimbe nambala imene wakupatsani woimbayo kuti "ndi ya abwana anga." Woyankha kumeneko akhoza kukhala mnzake amene wakhala naye pa mkeka umodzi.

Pali zinthu zingapo zimene anthu amaziyesa umboni pamene si umboni. Kudziwa dzina lanu ndi chimodzi. Aliyense amene ayesa kutumiza ndalama ku nambala yanu amatha kuona dzina limene munalembetsa, osanenanso za makope a maejenti ndi mapepala amene timalembapo mayina ndi nambala pa misonkhano, amene pambuyo pake amakakulungira mandasi. Chichewa chaulemu kapena Chingerezi chosalala si umboni. Chithunzi cha chizindikiro cha boma pa WhatsApp aliyense atha kuchikopera. Ngakhale nambala yooneka pa foni yanu itha kusinthidwa ndi anthu odziwa kuimba kudzera pa intaneti. Ndipo wina akakuuzani kuti "ndikuimba kuchokera ku Zomba," musafulumire kugwedeza mutu. Ku Zomba kuli NSO, inde, koma kulinso ndende yaikulu imene apolisi ndi manyuzipepala akhala akunena kuti mafoni ambiri obera anthu amachokerako. Munthuyo atha kukhala akunena zoona pa za Zomba pokhapo.

Dziwaninso kuti si kafukufuku aliyense amene ali wa boma. Mabungwe ofufuza monga Afrobarometer komanso IPOR ya ku Zomba amafunsa maganizo a anthu pa za ulamuliro ndi zisankho, mabungwe a zaumoyo ndi masukulu aukachenjede nawo amafufuza zawo. Amenewa amanena poyera kuti si a boma. Munthu wodzitcha wa boma amene akufunsa chipani chimene mumachikonda, n'kufunanso nambala ya chiphaso chanu, mumuthawe ngati njoka.

Ndikudziwa chimene chimavuta amayi ambiri a msinkhu wathu. Tinaleredwa kuti mlendo sadulidwa mawu, makamaka mlendo wa ku boma. Koma mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Kudula foni si kutukwana. Mutha kunena kuti "pepani bambo, zimenezo sindinena pa foni," n'kutseka, ulemu wanu uli chonse.

Tibwere ku zimene munanena kale. Za chimanga ndi chiwerengero cha ana, iwalani, sizingakupwetekeni. Nambala ya chiphaso ndi tsiku lobadwa ndi zimene zikufuna maso, ngakhale pazokha sizitulutsa ndalama mu foni. Vuto lake ndi ili: chiyambire kalembera wa unzika wa NRB mu 2017 ndi kulembetsa masimu khadi mu 2018, chiphasochi chakhala chogwirizira zinthu zambiri pamodzi, foni, banki, fetereza, ngongole. Wakuba amene ali ndi dzina lanu, nambala ya chiphaso ndi tsiku lobadwa atha kuyesa kudzionetsa ngati inu, n'kunena kuti simu khadi yataika, ampatse ina ya nambala yomweyo. Akapambana, foni yanu imangozima netiweki, ndipo mameseji onse a manambala aja amayamba kupita kwa iye. Athanso kukuimbirani patapita sabata ziwiri ndi liwu lina, akuti ndi a kampani ya foni kapena a banki, n'kukuwerengerani nambala yanu ya chiphaso kuti mukhulupirire. Chachiwirichi muchiyembekezere.

Choncho lero lomwe sinthani nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni. Ngati munaika chaka chanu chobadwa, monga amachitira anthu ochuluka zedi, sinthani musanamalize kuwerenga yankho lino, chifukwa chakacho munamuuza ndi pakamwa panu. Musaike 1234, musaikenso manambala omalizira a foni yanu. Mukapita ku boma kukapikula katundu, dzerani ku shopu yeniyeni ya kampani ya foni, osati kwa ejenti wa pansi pa ambulera, ndi chiphaso chanu m'manja. Afotokozereni zimene zinachitika, apatseni nambala imene inakuimbirani, ndipo muwapemphe aone masimu khadi amene analembetsedwa m'dzina lanu. Mukapeza ina yachilendo, aitseke. Ngati muli ndi akaunti ku banki, auzeninso. Pa WhatsApp pali potsekera pachiwiri, pamene mumaika manambala anuanu asanu ndi limodzi. Mwana aliyense wa sekondale angakuonetseni, koma manambalawo mudinde nokha iye atayang'ana kumbali. Ndipo tsiku lina foni yanu ikadzataya netiweki kwa maola angapo pamene ya oyandikana nanu pamsika ikugwira, musadzati ndi mitambo. Dzatsekeni golosale, mudzathamangire ku shopu ya kampani tsiku lomwelo.

Kukanena ku polisi n'koyenera ngakhale simunabedwe kanthu. Ambiri amati apolisi achitapo chiyani, ndipo ndikumvetsa, koma nambala imodzi ikadandauliridwa ndi anthu angapo itha kutsekedwa, komanso lipotilo ndi umboni wanu tsiku lina wina akadzatenga ngongole kapena kubera munthu m'dzina lanu. Lamulo la 2016 la za malonda a pa intaneti ndi chitetezo cha makompyuta limapereka zilango pa milandu yamtunduwu. Palinso lamulo latsopano la 2024 loteteza mauthenga okhudza munthu, limene linapatsa MACRA, bungwe loona za mafoni ndi mawailesi, udindo woyang'anira nkhanizi. Limeneli limakhudza kwambiri mabungwe enieni, a boma ndi omwe si a boma. Limati wosonkhanitsa mauthenga anu akuuzeni kuti iye ndani ndipo akufuna kuchita nawo chiyani, asatenge zoposa zimene ntchitoyo ikufuna, ndipo inu muli ndi ufulu wofunsa zimene akusunga zokhudza inu ndi kukonzetsa zolakwika. Wakuba samvera lamulo, n'zoona, koma lamuloli likupatsani mphamvu yofunsa popanda mantha, ngakhale wofunsidwayo ali ndi yunifolomu.

Ndikupempheni chinthu chimodzi, poti ndine wa ntchitoyi. Tsiku lina akadzaimba weniweni, mutatsimikiza kudzera ku khonsolo, mudzamupatse mphindi zake makumi awiri. Mitengo ya chimanga imene mumaidziwa inu pa Kamwendo, a ku Capital Hill saidziwa mpaka wina awauze, ndipo foni kumudzi zili m'manja mwa anthu ochepa, makamaka amuna. Amayi amalonda onse akamadula, chiwerengero chimatuluka ngati kuti kulibe.

Chomaliza ndi cha pagolosale panupo. Ndikukhulupirira kuti pamabwera agogo ndi ena osatha kuwerenga, n'kukupatsani foni kuti "tandionere meseji iyi." Amenewo ndi amene akathyali amawasaka kwambiri, makamaka masiku amene Mtukula Pakhomo walowa. Mukaona meseji ya manambala pa foni ya agogo, afunseni ngati pali wina amene wawaimbira lero. Akati eya, ifufuteni pomwepo iwo akuona, ndipo nambala ya woimbayo muilembe kuseri kwa kope la ngongole lija.